Kumvetsera pansi pa mchenga: ntchito ya ongodzipereka pofufuza zivomezi ku Salton Sea

Kum'mwera kwenikweni kwa California, ku America, kufupi ndi malire a Mexico, kuli chigwa chotentha chomwe pakati pake pali nyanja yotchedwa Salton Sea. Ndi nyanja yachilendo. Ili mamita pafupifupi 70 kutsika kuchokera pa mulingo wa nyanja zikuluzikulu, madzi ake ndi amchere kuposa a Pacific, ndipo inabadwa mwangozi mu 1905 pamene mtsinje wa Colorado unabowola ngalande yothirira mbewu n'kukhuthukira m'chigwamo kwa zaka pafupifupi ziwiri. Kupatula minda yothirira, dera lonselo ndi chipululu: mchenga, miyala ndi tizitsamba touma. Koma chimene chimakokera asayansi kumeneko si madziwo ayi. M'mphepete mwa nyanjayo cha kum'mawa, pafupi ndi kamudzi kotchedwa Bombay Beach, ndi pamene pamathera mng'alu wa San Andreas, umene wadula California kwa makilomita oposa 1,200.

Mu Marichi 2011 kunachitika kafukufuku wamkulu m'chigwachi, wotchedwa Salton Seismic Imaging Project. Anatsogolera ndi bungwe la boma la America loona za miyala ndi nthaka, la USGS, pamodzi ndi mayunivesite a Caltech ndi Virginia Tech. Akatswiriwa ankafunika kubzala tizipangizo masauzande ambiri m'nthaka, m'mizere yodutsa chipululu chonse mpaka kulowa ku Mexico, m'masabata ochepa okha. Paokha sakanatha. Ndiye anaitana anthu oti adzipereke, ambiri mwa iwo ophunzira a ku yunivesite, kuti adzagwire fosholo. Ndikufuna ndikufotokozereni zimene anthu otere amachita akafika kumeneko, chifukwa ntchito yawo yonse yakhazikika pa Physics yomwe inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 muli nayo kale m'makope mwanu: liwiro, mtunda, nthawi, mafunde, ndi waya woyenda pafupi ndi maginito.

Chimene chikuopedwa

Paja mu Geography munaphunzira kuti chigoba cha dziko lapansi ndi chodukaduka m'zigawo zikuluzikulu, ma tectonic plates aja. Ku California zigawo ziwiri zimakhulana: cha Pacific chikulowera kumpoto chakumadzulo poyerekeza ndi cha North America, pa liwiro la masentimita pafupifupi 5 pachaka. N'zochepa, eti? Sizikusiyana kwenikweni ndi mmene zikhadabo zanu zimakulira. Vuto ndi lakuti pamng'alu penipenipo miyala siitsetsereka bwinobwino. Imagwirana. Zigawozo zimapitiriza kuyenda, miyala ya m'mbali mwa mng'alu imapindika pang'onopang'ono ngati rula ya pulasitiki imene mwaikhotetsa ndi manja, mpaka tsiku lina kugwirana kuja kulephera, miyala n'kudumpha mamita angapo m'masekondi ochepa. Mphamvu yomwe inasungidwa kwa zaka mazana imatuluka ngati mafunde. Chimenecho ndiye chivomezi.

Chigawo cha pakati cha San Andreas chinadumpha mu 1857. Cha kumpoto chinadumpha mu 1906, n'kuwononga mzinda wa San Francisco. Cha kum'mwera, chomwe chimayambira ku Salton Sea, chakhala chete zaka pafupifupi 300. Tikudziwa bwanji, popeza nthawi imeneyo kunalibe makina oyezera? Akatswiri amakumba ngalande yodutsa mng'aluwo n'kuwerenga zipupa zake. M'chigwachi kalekale munkadzaza nyanja yaikulu yotchedwa Lake Cahuilla, n'kuuma, n'kudzazanso, ndipo ulendo uliwonse inkasiya mzere wa matope. Chivomezi chikachitika chimadula mizere yonse imene ilipo pa nthawiyo. Mizere yobwera pambuyo imagona pamwamba yosaduka. Mukapeza kakala kapena kachidutswa ka mtengo mu mzere womaliza kuduka ndi mu mzere woyamba wosaduka, n'kuyeza carbon-14 yake, yomwe imachepa ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse, mwachitsekera chivomezicho pakati pa zaka ziwiri. Mwa njira imeneyi anapeza kuti kale chigawochi chinkadumpha pakapita zaka pafupifupi 200. Tsopano zadutsa 300.

Tiwerengetse limodzi. Tiyerekeze kuti mng'alu umenewu umanyamula masentimita 2 okha pachaka mwa 5 aja, otsalawo n'kupita ku ming'alu ina yoyandikana nayo. Pa zaka 300 ndiye masentimita 600. Mamita 6 a kayendedwe komwe sikanachitike, kakungodikira. Mu 2008 akatswiri a USGS ndi anzawo analemba chiyerekezo chotchedwa ShakeOut, cha chivomezi cha mphamvu ya 7.8 choyambira ku Bombay Beach n'kung'ambika kulowera ku Los Angeles. Anawerengetsa kuti anthu pafupifupi 1,800 angafe, 50,000 angavulale, ndipo katundu wa madola 200 biliyoni angawonongeke.

Apa mundimvetse bwino, chifukwa pa WhatsApp pamayenda mabodza ambiri: palibe wasayansi amene anganene tsiku kapena mwezi umene chivomezi chidzachitike. Wina akakuuzani kuti Lachinayi kubwera chivomezi, akukunamizani. Chimene sayansi ingathe ndi kunena kuti chikadzabwera, malo akutiakuti adzagwedezeka mwamphamvu bwanji. Yankho la funso limeneli ndi limene limauza omanga kuti sukulu kapena mlatho ulimbe motani. Ndipo yankholo limadalira zinthu zomwe zili pansi, zosaoneka ndi maso.

Tengani mbale ziwiri, ina ya nsima yogona yolimba, ina ya phala lamadzimadzi, muziike patebulo, mugunde tebulolo. Nsima ingonjenjemera kamodzi basi. Phala lipitiriza kukhavukira uku ndi uku ngakhale tebulo litasiya kugwedera. Chigwa chodzaza mchenga ndi matope chili ngati mbale ya phala ija. Mafunde akachoka m'thanthwe lolimba n'kulowa m'dothi lofewa amachepa liwiro, ndipo popeza mphamvu yake ikupanikizika m'malo ochepa, msinkhu wake umakula. Kenako amagunda m'mbali mwa chigwacho n'kumabwerera, osatuluka msanga. Mu 1985 mzinda wa Mexico City, womwe mbali yake inamangidwa pa matope a nyanja yakale, unawonongeka koopsa ndi chivomezi chimene chinayambira kugombe, makilomita oposa 300 kutali. Chigwa cha Salton chili ndi dothi lotere lokuya makilomita angapo, lomwe mtsinje wa Colorado wakhala ukutsanulamo kwa zaka mamiliyoni. Lakuya bwanji penapake, ndipo mbale yakeyo ndi yooneka motani? Nanga mng'aluwo umatsika choongoka ngati khoma, kapena wapendekeka? Mafunso awiri amenewa ndi amene anthu aja anapitira kuchipululu.

Kuyeza kuya popanda kukumba

Simungakumbe makilomita 10 pamalo masauzande. Koma mungatumize phokoso pansi n'kuwerenga nthawi imene latenga kuti libwerere. Mafunde oyamba kufika, otchedwa P, ndi longitudinal, ofanana ndi a phokoso: amapanikiza ndi kumasula miyala motsatira kumene akulowera. Liwiro lake limasintha malinga ndi chimene akudutsamo. Mumpweya ndi mamita pafupifupi 340 pa sekondi. M'madzi ndi makilomita 1.5 pa sekondi. M'dothi lotsendereka la m'chigwa angakhale pafupifupi 2, ndipo m'thanthwe lolimba ngati granite amafika 6.

Nachi chitsanzo chimene ndimakonda kupereka m'kalasi. Muli kumudzi, ndipo mukufuna kupita kwa anzanu. Pali kanjira ka mchenga kolunjika komweko, koyenda wapansi. Palinso msewu wa tala cha kutsidya, woti muyambe mwayenda kukaupeza, mukwere kabaza, mutsike, muyendenso wapansi kubwerera. Ngati mnzanuyo ali pafupi, kanjira ka mchenga kapambana. Ngati ali kutali, kuzungulira kutala kumafulumira ngakhale mtunda wake ndi wautali. Mafunde amayesa njira zonse ziwiri nthawi imodzi.

Tiike manambala. Dothi ndi lokuya kilomita imodzi, liwiro lake makilomita 2 pa sekondi. Pansi pake pali thanthwe la liwiro la 6. Taphulitsa chinachake pamwamba. Kachipangizo kali pa mtunda wa makilomita 2 kamva funde lolunjika pakatha sekondi imodzi, chifukwa 2 kugawa ndi 2 ndi 1. Funde limene latsikira kuthanthwe, n'kuthamanga pamwamba pa thanthwelo, n'kukweranso, lifika pakatha masekondi pafupifupi 1.3. Lachedwa. Koma kachipangizo kali pa makilomita 10 kaona zosiyana: lolunjika lifika pa masekondi 5, pamene lozungulira kuthanthwe lafika kale pa masekondi pafupifupi 2.6. Penapake pakati, cha pa makilomita 2.8, onse awiri amafika limodzi.

Tsopano jambulani galafu ya nthawi ndi mtunda, kadontho kamodzi pa kachipangizo kalikonse. Mupeza mizere iwiri yoongoka yokumana ngati chigongono. Kupendekeka kwa mzere woyamba kukupatsani liwiro la m'dothi, kwa wachiwiri liwiro la m'thanthwe, ndipo pamene pali chigongonocho pakuuzani kuya kwa dothi. Thanthwe likakhala pakuya, chigongono chimasunthira kutali. Njirayi imatchedwa seismic refraction, ndipo lamulo limene limapinda mafundewo pamalire a dothi ndi thanthwe ndi la Snell lomwe lija munaliyesa ndi galasi ndi mapini. Ndi maganizo omwewa, Andrija Mohorovičić wa ku Croatia anazindikira mu 1909 kuti pansi pa chigoba cha dziko pali miyala ina imene mafunde amathamangamo kwambiri, cha m'ma 8 kilomita pa sekondi.

Pansi penipeni sipakhala mizere iwiri yosalala ngati m'chitsanzo changa. Pamakhala mapiri okwiririka, maenje, miyala yophwanyika. Kuti zonsezi zioneke pafunika kuphulitsa pamalo ambiri ndi kumvetsera pamalo ochuluka zedi, kuti njira za mafunde zipingasane paliponse, kompyuta n'kupeza liwiro la kachigawo kalikonse, monga makina a CT scan kuchipatala amachitira ndi thupi la munthu. Ku Salton anaphulitsa pamalo oposa 100 ndipo anamvetsera pamalo masauzande. Kadontho kalikonse pa galafu ndi dzenje limene munthu wina anakumba.

Tsiku la wodzipereka

Kachipangizo komvetserako kamatchedwa geophone. N'kakang'ono, kokwana m'dzanja, kokhala ndi chisonga chachitsulo kunsi kwake. M'kati mwake muli maginito omangiriridwa ku chikopa chake, ndi koyilo ya waya yolenjekeka pa sipuling'i. Nthaka ikagwedezeka, chikopa ndi maginito zimayenda nayo, koma koyilo imatsalira pang'ono chifukwa cha inertia. Ndiye waya ukuyenda poyerekeza ndi maginito, ndipo mukudziwa kale chotsatira chake kuchokera kwa Michael Faraday, amene anachipeza mu 1831: mumabadwa magetsi. Nthaka ikayenda mofulumira, voteji imakula. Voteji imeneyo imapita ku kabokosi kosunga manambala koyendera mabatire, kooneka ngati chitini chachitali, komwe anthu a ntchitoyi amakatcha Texan. Nthawi imeneyo zipangizo zambiri zotere ku America zinkabwerekedwa ku malo omwe ankatchedwa PASSCAL ku Socorro, New Mexico, ndipo zinkayenera kubwezedwa zonse.

Anthu amagawidwa awiriawiri pa galimoto imodzi, ndipo gulu lililonse limapatsidwa chigawo chake cha mzere, mapu, GPS yam'manja, fosholo, ndi mabokosi a zipangizo. Akafika pamalo olembedwa amakumba kadzenje, amabaya chisonga cha geophone m'nthaka yolimba, amalumikiza waya ku Texan, amakwirira, amalemba nambala ya malowo ndi nambala ya chipangizocho, n'kupita pa malo otsatira, mamita mazana angapo kutsogolo. Kenako chimodzimodzi. Kenako chimodzimodzi, mpaka dzuwa kupendeka.

Zikumveka zosavuta, koma taonani mmene chilichonse chingalakwikire. Geophone iyenera kuima choongoka, chifukwa koyilo imayenda chokwera ndi chotsika. Ikapendekeka kwambiri imakhula m'mbali ndipo siimva bwino. Iyenera kugwirana ndi nthaka, ndipo apa chipululu chimavuta: mchenga wouma wa pamwamba ndi wotakasuka, umameza mafunde ngati pilo, choncho uyenera kuupalasa mpaka ufike polimba, n'kupondereza ndi chidendene. Iyenera kukwiriridwa, chifukwa mphepo ikamawomba waya kapena kachitsamba kali pafupi, geophone imalemba mphepoyo ngati kugwedezeka kwa nthaka. Pansi pa mawaya a magetsi a mphamvu zambiri si pabwino, pakuti koyilo imatola kung'ung'udza kwake, komwe ku America kumakhala 60 Hz pamene kwathu kuno ndi 50 Hz. Pafupi ndi pampu yothirira si pabwinonso.

Koma cholakwika chimene ine ndimachiona choopsa kuposa zonse ndi cha pensulo. Mukasinthanitsa manambala a zipangizo ziwiri m'kope, kompyuta idzakhulupirira kuti funde linafika pa kilomita 12 pa nthawi imene linafikadi pa kilomita 15. Chipangizo chakufa n'chosavuta, umangochitaya pa mawerengero. Chipangizo chamoyo cholembedwa pamalo olakwika chimanama mokhulupirika, ndipo chingajambule phiri lapansi pomwe palibe phiri. Ndikamakudulani malikisi chifukwa simunalembe mayunitsi kapena mutu wa kolamu pa practical, mumati ndine wovuta. Kaya.

Nkhani ya wotchi nayo ndi yaikulu. M'thanthwe la liwiro la makilomita 6 pa sekondi, kulakwitsa ndi 0.1 sekondi kukufanana ndi kulakwitsa ndi mamita 600. Choncho wotchi ya m'kati mwa Texan iliyonse imalinganizidwa ndi nthawi ya GPS isanapite kutchire. Ikabwerako amaifanizanso ndi GPS kuti aone kuti yathamanga kapena yatsalira ndi timagawo tingati ta sekondi, n'kukonza manambala ake. Mabatire ake amangotha masiku ochepa, ndiye ntchito yonse imayenda mothamanga: kubzala, kuphulitsa, kuzula, kukopera manambala mu kompyuta, kusintha mabatire, kukabzalanso pa mzere wina. Gulu limodzi likachedwa, chigawo chake cha mzere chimakhala chogontha usiku wophulitsa, ndipo dzenje lophulitsidwa kale silibwerezedwa.

Nanga chipululucho? Ntchitoyi inachitika mu Marichi, koma m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti kutentha m'chigwachi kumadutsa madigiri 45. A ku Nsanje ndi ku Chikwawa akudziwa tanthauzo lake. Ngakhale mu Marichi mpweya ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma usanalione, ndipo munthu amatha madzi m'thupi asanamve ludzu lenileni. Lamulo limakhala kumwa pafupipafupi, kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, ndi kusayenda wekha. Galimoto zimatitimira mumchenga. Kuli njoka zaululu zija zokhala ndi chisekese kumchira, ma rattlesnake, choncho suika dzanja pansi pa mwala usanayang'ane. Kulinso malo amene sungangolowa: minda ya anthu, malo a mafuko a eni dziko monga a Cahuilla, malo otetezedwa chifukwa cha nyama zosowa, ndi mapiri a Chocolate kumene asilikali amaphunzirira kuponya mabomba. Zilolezo zimapemphedwa miyezi yambiri ntchito isanayambe, ndipo wodzipereka amayenera kusiya malo ali mmene anawapezera, dzenje lofotsera bwino.

Pa zovuta zonsezi, chipululu chili ndi ubwino wake kwa wofufuza. Kulibe nkhalango yobisa mng'alu, mvula ndi yochepa yoti ifafanize zizindikiro, moti khwawa limene linadulidwa ndi chivomezi zaka mazana apitawo limaonekabe litakhota. Komanso kutali ndi mizinda kumakhala zii, ndipo kwa geophone bata ndi chuma.

Usiku wophulitsa

Kuphulitsa si ntchito ya ongodzipereka. Amachita ndi anthu ophunzitsidwa okhala ndi ziphaso. Amaboola dzenje ngati la mjigo, lokuya mamita makumi angapo, amaika zophulika pansi pake, n'kutseka pamwamba ndi miyala kuti mphamvu ilowe m'nthaka osati kuthawira kumwamba. Amaphulitsa usiku kwambiri, pamene mphepo yadekha ndipo magalimoto achepa m'misewu, pa sekondi yeniyeni imene inagwirizanidwa, chifukwa ma Texan onse anauzidwa kale nthawi yoti adzuke ndi kuyamba kulemba. Pa nyanja ya Salton penipeni sanagwiritse ntchito zophulika. Boti linkakoka chida chotchedwa airgun, chomwe chimatulutsa mpweya wopanikizika mwadzidzidzi m'madzi, ndipo zomvetsera zina zinamizidwa pansi pa nyanjayo.

Funso limene wophunzira aliyense amafunsa apa ndi lakuti: kodi kuphulitsa pafupi ndi mng'alu wodikira chonchi sikungayambitse chivomezi chomwecho? Ndi funso labwino, ndipo anthu okhala m'chigwamo amalifunsanso. Yankho lili m'kukula kwa manambala. Kukwera ndi sitepe imodzi pa sikelo ya zivomezi ndi kuchulukitsa mphamvu ka 32. Kuphulika kotere kumagwedeza nthaka ngati kachivomezi ka mphamvu ya 1 kapena 2, kofanana ndi kuphulitsa miyala kukwale. Tizivomezi ta msinkhu umenewu timachitika tokha tsiku ndi tsiku kum'mwera kwa California. Kuchoka pa 2 kufika pa 7 ndi masitepe asanu, ndiye 32 kuchulukitsa ndi 32 kasanu, zomwe ndi zoposa 30 miliyoni. Kuwonjezera apo, kuphulikako kumachitika pa mamita makumi ochepa, pamene zivomezi zikuluzikulu zimayambira makilomita angapo pansi. Ndipo chigwachi chinali chitangogwedezedwa kumene ndi chivomezi cha 7.2 cha pa 4 Epulo 2010, chomwe chinayambira kutsidya kwa malire ku Baja California, koma San Andreas sanadumphe.

M'mawa mwake ongodzipereka amabwerera kukazula. Apa ndi pamene kope lolembedwa bwino limalipira, chifukwa kupeza chitini chokwiriridwa pakati pa mchenga wofanana mbali zonse, mphepo itafafaniza mapazi, si masewera.

Zimene anapeza

Kuwerengetsa manambala a masabata ochepawo kunatenga zaka. Chimodzi mwa zotsatira zimene Gary Fuis wa ku USGS ndi anzake anafalitsa n'chakuti m'chigwa cha Coachella, kumpoto kwa nyanjayi, mng'alu wa San Andreas sutsika choongoka ngati khoma monga mmene zithunzi zambiri zinkaujambulira. Pansi pake wapendekekera kumpoto chakum'mawa. Izi zili ndi tanthauzo lenileni kwa anthu. Mng'alu wopendekeka uli ndi nkhope yaikulu yokhulana kuposa woongoka wofika pa kuya komweko, ndipo umatumiza mphamvu yake mosiyana ku mbali ziwirizo. Mudzi umene pamapu ukuoneka kuti uli patali ndi mzere wa mng'alu ungakhale uli pamwamba penipeni pa gawo lake lakuya. Anapezanso bwino maonekedwe a mbale ija, kuti dothi lofewa lakuya pati ndipo lachepa pati. Manambala amenewa amalowa m'makompyuta amene amayerekeza kugwedezeka, ndipo kuchokera m'menemo amafika ku mapu amene omanga amagwiritsa ntchito.

Kumeneku kulinso china chochititsa chidwi. Kum'mwera kwa Bombay Beach zigawo ziwiri zija sizingokhulana chabe, zikutalikirananso, ndipo chigoba cha dziko chikuwonda n'kung'ambika. N'chifukwa chake chigwacho chatsika chotere, ndipo n'chifukwa chake pansi pake ndi potentha moti anamangapo malo opangira magetsi ndi madzi otentha a pansi pa nthaka. Chigwa chotsika, nyanja pakati, mapiri m'mbali, akasupe otentha. Sizikukukumbutsani kwinakwake?

Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chong'ambika chomwechi, mbali ya East African Rift, ngakhale kwathu kuno kung'ambikako kukuyenda pang'onopang'ono kwambiri, mamilimita ochepa pachaka. Pa 10 Marichi 1989 chivomezi cha ku Salima chinapha anthu 9 ndi kusiya masauzande ambiri opanda pogona. Mu Disembala 2009 Karonga inagwedezeka kangapo m'masabata awiri, chachikulu cha 6.0 pa 19 Disembala, anthu anayi n'kumwalira, nyumba zambirimbiri n'kugwa kapena kung'aluka. Chimene chinadabwitsa akatswiri n'chakuti zivomezi za ku Karonga sizinachokere pa mng'alu waukulu wa Livingstone, womwe uli kutsidya kwa nyanja ku Tanzania ndipo aliyense amauona chifukwa cha mapiri ake. Zinachokera pa ming'alu yaing'ono ya pansi pa chigwa cha Karonga chomwecho, chodzaza mchenga ndi matope a mitsinje. Mbale ya phala ija.

Patapita zaka zochepa, kuyambira 2013 mpaka 2015, kafukufuku wotchedwa SEGMeNT anachita kumpoto kwa Nyanja ya Malawi zofanana ndi za ku Salton. Asayansi a ku America pamodzi ndi a nthambi yathu ya Geological Survey ndi anzawo a ku Tanzania anakwirira zomvetsera kumtunda mbali zonse ziwiri za nyanja, ndipo mu 2015 anamiza zina pansi pa madzi n'kuyendetsa airgun pamwamba pake. Maenje amenewo anakumbidwa ndi anthu, ndipo zipangizozo zinasiyidwa kwa miyezi m'malo amene anthu a m'deralo ankazisamala. Ndiye musaganize kuti ntchito yotere imapezeka ku America kokha. Amene mukufuna kudzaigwira, njira yake imadutsa mu Physics, Masamu ndi Geography, kenako maphunziro a Earth Sciences ku yunivesite, kumene maitanidwe otere amafikira kudzera mwa aphunzitsi anu.

Geophone yanu mungaipange sabata ino. Pezani sipika yakale ya wailesi, yaikulu ndiye yabwino. M'kati mwake muli koyilo ndi maginito, chimodzimodzi geophone, kungoti anaipanga kuti isandutse magetsi kukhala kugwedezeka, ndipo ife tiitembenuza. Lumikizani mawaya ake awiri ku galvanometer ya mu labu, kapena ku multimeter yoikidwa pa mamilivoti. Igonekeni chagada pansi pa simenti, mumate kamwala kapena ndalama zachitsulo zingapo pakati pa pepala lake kuti koyilo ilemere n'kumatsalira nthaka ikayenda. Mnzanu adumphe pa mtunda wa mita imodzi, kenako mamita awiri, kenako anayi, inu mukulemba mmene singano yagwedezekera. Mukatero tulukani panja, muiike pa mchenga wotakasuka, mubwereze. Kenako palasani mchengawo mpaka polimba, mupondereze, muikenso pamenepo, mubwerezenso kachitatu. Lembani mtunda uliwonse ndi malo aliwonse m'tebulo, ndi mayunitsi ake, musanayambe kudumpha.